Kukhuta ndi Kukhuthula

Loweruka limenelo Esime anali ataweramira beseni kuseri kwa nyumba, akulimbana ndi maovololo a mwamuna wake. Zovala za munthu wopopera mankhwala m'minda sizimva sopo, umachita kuchikicha mpaka zala kuyera. Foni italira pazenera anailekerera. Italiranso anapukuta manja pachitenje n'kuyankha mwaukali.

"Ndikuyankhula ndi amake Tapuwa?" Anali mawu a bambo wachikulire, Chichewa chake chosasakaniza, cha makolo. "Ndine Suleman, wa ku Eiffel Flats. Limbani mtima, mayi. Kandege kagwa kumaenje athu a golide kuno, ndipo munali ana anu."

"Ndege yake iti? Ndege ili m'shedi, mwini wake ali ku Harare."

"Za shedi sindikudziwa. Ine ndaona ana awiri, ndipo tikupita nawo kuchipatala ku Kadoma."

Foni inaduka Esime asanafunse funso lalikulu: kodi ali moyo?

Kandegeko kanali ka mwamuna wake, Horace. Iye anakulira pafamu ina ya ku Chegutu, kumene bambo ake, ochokera ku Dedza, ankatsuka ndege ya mwini famu. Atakula anagula chiphakasa cha ndege ya mipando iwiri, n'kumachisokerera chaka ndi chaka mpaka chinauluka. Ndi kandege kameneko ankapopera tirigu ndi thonje m'minda ya anthu, ndipo banja lonse linkadyera pamenepo. Mwana wawo woyamba, Takudzwa, mnyamata wa fomu folo, ankakwera ndi bambo ake, nthawi zina n'kumugwiritsako chiwongolero. Apo m'pamene mutu unakulira. Mwana wogwirizidwa njinga amayesa akupalasa yekha. M'mawa umenewo iye ndi mlongo wake Tapuwa anatsazika kuti akupita kukwaya, chonsecho akufuna akazungulire pamwamba pa bwalo la mpira ku Kadoma kuti anzawo akawaone.

Kuchoka ku Chegutu kufika ku Kadoma si patali, koma tsiku limenelo msewu unatalika ngati chaka cha njala. Kombi imene anakwera, minibasi ya kumeneko, inkaima paliponse pamene munthu wakweza mkono. Esime sanalire. Anangofumbata foni n'kupemphera monga ankayankhulira ndi aliyense, mosazungulira: "Mulungu, ndegeyo tengani. Anawo ndisiyireni, ndikawakwapule ndekha."

Pakhonde la chipatala panali gogo wina wa kofia, matope ofiira mpaka m'mawondo. Ataona Esime akubwera ndi thovu louma m'mikono anaimirira.

"Ali moyo, mayi. Onse awiri."

Esime anakhala pansi pomwepo, pasimenti, ndipo gogoyo, amene anali a Suleman aja, anamufotokozera ali chiimire.

"Tinangomva injini ikutsokomola kumwamba, kenako zii. Kanatsika mwakachetechete ngati kabawi, kanaphonya nthambo za magetsi pang'onong'ono, n'kudzagwera pamulu wa matope amene timataya tikamatsuka dothi. Anyamata anga anabalalika, akuti kaphulika. Inenso ndinali nditanyamula phazi. Koma ndinamva kamtsikana kakukuwa, 'Mayo ine! Mayo!' Ndinati iyayi, awa ndi akwathu, ndipo ndinabwerera. Nambala yanu wandipatsa ndi iyeyo."

Esime anapukusa mutu. Tapuwa yemweyo, amene ukamutuma m'Chichewa amayankha m'Chishona, imfa itamusuzumira anakumbukira chiyankhulo cha mayi ake.

"Nanga moto?" anafunsa.

"N'chimene chatidabwitsa. Ngakhale fungo la petulo kunalibe."

Tapuwa anali atamusoka pamphumi. Takudzwa anali gone, mwendo uli m'chikhakha, maso akuthawa a mayi ake. Esime anawagwira m'modzim'modzi, kumutu, m'mapewa, m'zala, ngati akusankha tomato pamsika. Kukwapula kuja kunathera m'manja.

Horace anafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu. Ataona kuti ana akupuma anatsamira khoma nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ndipo aliyense wa pakhomo pake ankadziwa kuti akatsitsa mawu ndiye kuti zavuta.

"Takudzwa, unanyamuka bwanji ndi thanki youma?"

"Youma? Koma Baba, munanena nokha dzulo kuti yakhuta," anayankha mnyamatayo, Chichewa chake chikutsimphina. "Ndinamva pazenera mukuuza Amayi. Ndipo kasingano ka mafuta kanali pamwamba."

Horace anayang'ana mkazi wake. Esime anagwira pakamwa.

"Ndinati ndaikhuthula," anatero Horace. "Kukhuthula! Kutsanula zonse, osasiya kanthu. Kasingano kaja kanafa, kamangoloza pamwamba thanki ikhale yodzaza kapena youma. Ku Harare ndinapitira chimenecho. Iwe wauluka ndi madontho otsalira m'mapaipi."

"Ine ndimayesa kukhuthula ndi kukhutitsa," anatero Takudzwa chapansipansi.

"Chichewa chomvera pazenera n'chimenecho," anatero Esime. "Ndimakuyankhula tsiku ndi tsiku, iwe n'kumatola theka, theka lina n'kumaphera ndi Chishona. Pakamwa unali napo. Bwanji osafunsa?"

"Ndikanafunsa mukanadziwa kuti ndikufuna kuitenga."

"Eya, tikanadziwa. Nanga umayesa kufunsa n'kwa chiyani?"

Tapuwa anayamba kuseka, nsonga za ulusi zikumukoka pamphumi, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo mayi ake anamukumbatira akumukalipira.

Zotsatira zinabwera m'miyezi yakutsogolo, chimodzichimodzi, ngati alendo a pamaliro. Kandege kanabwerera ku Chegutu pangolo ya thirakitala, phiko lili padera. Akuluakulu oyang'anira za ndege analanda Horace chilolezo pamene ankafufuza nkhaniyo, ndipo tirigu wa chaka chimenecho anapopera ena. Munthu amene ankayang'ana minda kuchokera kumwamba anabwerera kunsi kwa mathirakitala a eni, kukakonza. Takudzwa analemba mayeso ali pandodo, ndipo mpira anausiyira pomwepo. Chimene chinkamupweteka koposa mwendo chinali kuona bambo ake akudzuka m'mamawa ndi bokosi la masipanala, osamunena ngakhale liwu limodzi.

Koma zonsezo zinali zisanafike. Lamlungu m'mawa Esime anagwira tambala wamkulu pakhola n'kupita naye ku Eiffel Flats ali wamoyo, podziwa kuti Asilamu nkhuku amazinga okha. A Suleman anakana kawiri, kachitatu analandira ndi manja awiri.

Atabwerako anapeza beseni lili pomwe analisiya, madzi atazizira, maovololo atamwa sopo mpaka kuterera. Anamanga chitenje n'kuweramanso. Lena, amake Privilege, mayi woyandikana naye nyumba, anasuzumira pampanda.

"Pepani, amake Taku. Ndege yonse ija, thukuta la zaka zonsezi!"

"Chitsulo chimenecho, amake Privilege. Thanki youma yawagwetsa, thanki youma yomweyo yawakaniza moto. Ine ndikadandaule chiyani?"

"Komabe mwanayo wakulakwirani."

Esime anatukula ovololo imodzi, n'kuona kuti banga la mafuta likadalipo, n'kuibwezera m'madzi.

"Walakwa, ndipo akatuluka m'chipatala adzandimva. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wanga walidya, koma Mulungu wamusiyira pakamwa poti alavulire."