Kompyuta Yovala Malaya

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu. Umene ndikupatseni kumapeto kwa nkhaniyi, olemba mabuku amati ndi wamakedzana, ndipo ine sindikangana nawo. Koma mukandifunsa ine mphunzitsi wanu, ndikuuzani kuti ndinauona ukubadwa ndi maso angawa, pabalaza pa apongozi anga ku Balaka, chaka chimene ndinakwatiwa.

Dzina langa ndine Tiyanjane, ngakhale inu mumangodziwa lakuti madamu. Mwamuna wanga Yotamu anali asanamange nyumba yakeyake, choncho banja tinayambira m'nyumba ya mayi ake, a Nankhoma. Pa nthawiyo n'kuti ndili pakati pa maphunziro a uphunzitsi, aja ophunzira uli pakhomo. Ntchito zonse tinkalemba pa kompyuta n'kutumiza ku koleji, ndipo wochedwachedwa ankangomufufuta m'kaundula. Kompyuta m'nyumbamo inalimo, ya bokosi lalikulu loima patebulo. Yotamu ankaikirapo anthu nyimbo m'mafoni Loweruka, ndipo masiku enawo, iye ali kuntchito, inali yanga.

A Nankhoma anali mayi a luso pa singano. Pokonzekera kundilandira, anasokera chilichonse cha pabalaza chovala chake: mipando, wailesi, kanema, mpaka botolo la maluwa. Bokosi la kompyuta ndiye linalandira malaya enieni, a nsalu yochindikala, ophimba m'mbali ndi kumbuyo komwe, maluwa ofiira atapetedwa mozungulira. Anangosiya kakhomo kutsogolo poyatsira. Alendo akabwera ankayamba ayamikira malayawo asanafunse za moyo.

Mavuto anayamba ukwati utangopita. Ndikulemba bwinobwino, mwadzidzidzi bii, kompyuta yazima, magetsi m'nyumba ali chiyakire. Zonse zimene ndalemba zapita. Ndikaiyatsanso inkayenda pang'ono, kenako n'kuzimanso msanga kuposa poyamba.

Yotamu anali munthu wa mayankho achangu. Poyamba anati ndi mavairasi, nafufuta zinthu zambirimbiri. Inazimabe. Anati ndi chingwe cha magetsi, nagula china. Inazimabe. Kenako anainyamula panjinga kupita nayo kwa wokonza makompyuta kumsika, mayi ake ataivula kaye malaya kuti angade ndi fumbi la m'njira. Kumeneko inayaka tsiku lonse osatsokomola n'komwe, ndipo wokonzayo anati ilibe matenda. Itabwera kunyumba, ataiveka, tsiku lotsatira inandizimira ine.

Chimene chinandiipitsira mbiri n'chakuti Loweruka, Yotamu akakhalapo, sinkazima. Apongozi anga anaziona zimenezi, ndipo amayi anzawo oyandikana nawo anawathandiza kuwerengera. Ena anati mtengwayo amabaya mabatani ngati akusinja. Ena anatsitsa mawu n'kunena kuti alipo anthu a manja oipa, oti akagwira chinthu chimafa. Tsiku lina a Nankhoma anandiitana, nandiuza mosakweza mawu kuti kompyutayo ndi chuma cha mwana wawo, ndipo ndiyambe ndaileka isanafe yonse.

Ndinangoyankha kuti, "Ndamva, amayi." Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa ku koleji anali atandichenjeza kale kuti ndikachedwanso basi. Yotamu anayesa kundilankhulira, koma umboni unali kumbali ya mayi ake. Ndinayamba kudziuza kuti mwina uphunzitsi sunandiyenere.

M'nyumbamo munalinso munthu wina amene tonse tinkamuiwala. Anali a Fanuwelo, mlongo wawo wamkulu wa a Nankhoma, malume ake a Yotamu. Pa unyamata wawo ankayendetsa minibasi, ndipo amati wokwera yawo ankayamba walapa machimo. Koma sitiroko inawagwira mwendo ndi mkono, nabwera kudzakhala kwa mlongo wawo. Munthu amene sankatha kudikira wokwera kuti akhale pansi, tsopano ankatha tsiku lonse pampando wa pakhomo.

Mvula yoyamba inali itagwa, ndipo nkhono zinkakwera khoma la khonde. Ana a m'nyumba zoyandikana ankazibaya ndi timitengo kuti aone nkhope zake, izo n'kulowa m'chigoba. A Fanuwelo okha ndi amene ankati nkhono ili ndi maso kunsonga kwa tinyanga take, ndipo ana ankawaseka kuti akunama.

A Fanuwelowa ndi amene anapempha mlongo wawo kuti andilole kukhalanso pa kompyuta masiku angapo, iwo akuyang'ana. A Nankhoma anawafunsa kuti za makompyuta anaziphunzira liti. Iwo anati sadziwa ngakhale poyatsira, koma nthawi ndiye ali nayo yambiri. Anasunthira mpando wawo pafupi ndi tebulo. Ine ndinkalemba, iwo ali chete, maso pa bokosi. Sanagwire kanthu, sanandilangize kanthu. Ikazima ankangogwedeza mutu n'kundiuza kuti ndipume. Kunena zoona, ana inu, ndinkaganiza kuti agogowo akungofuna wocheza naye. Loweruka anakhalanso pomwepo kuonerera Yotamu, chete yemweyo.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, dzuwa la ku Balaka likuwotcha ngati mbaula, a Fanuwelo anatiitana tonse pabalaza. Anandiuza kuti ndiyatse kompyuta ndi kulemba monga mwa masiku onse, ndipo enawo asalankhule. Tinakhala. Yotamu anayamba kugwedeza mwendo, a Nankhoma anakumbukira kuti ali ndi zochita kukhitchini, koma amalume anawakhazikanso ndi dzanja. Patapita nthawi anati timvetsere. M'bokosimo munali kulira kaphokoso, ndipo kankakulirakulira, ngati munthu wopuma movutika pokwera chitunda.

"Achemwali, tapisani dzanja m'kati mwa malayawo, kumbuyoko."

A Nankhoma anapisa, nalichotsa msanga. Chitsulo chinali chotentha ngati chiwaya. Asanalankhule n'komwe, kompyuta inazima pamaso pa tonse.

Amalume anati tiidikire izizire, kenako anauza Yotamu kuti achite zimene amachita Loweruka lililonse asanayambe ntchito. Yotamu anadabwa, nati palibe chimene amachita. Koma atafika patebulo, manja ake anachita okha: anavula malaya aja n'kuwaponya pampando, kuti alumikize zingwe za mafoni kumbuyo. Anaima, nayang'ana malayawo, nayang'ana amalume ake. Kumbuyo kwa bokosi kunali timabowo tambirimbiri, ndi kafani kotulutsa mpweya wotentha, kamene malaya ankakatseka. Ndinayatsanso, ndipo ndinalemba mpaka dzuwa linapendeka, kompyuta ikungong'ung'udza pang'onopang'ono ngati yakhuta.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma a Fanuwelo anali ndi funso lina. Anati andiona masiku onsewa ndikupukuta tebulo, kusuntha mpando, kusuntha botolo la maluwa, koma malayawo sindinawakhudzepo. Anafuna kudziwa chifukwa chake.

Ndinayang'ana pansi. "Amayi anasoka ndi manja awo pondilandira ine. Ndikanawavula bwanji, amalume, m'nyumba mwawo?"

A Nankhoma anatola malaya aja pampando, nawayala pamiyendo, namawasalaza ndi chikhato nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwana wanga amawaponya pampando ngati chigamba, ndipo ndimamuyamikira. Uyu amawalemekeza, ndipo ndamutcha wa manja oipa. Apongozi, mundikhululukire."

Amene anatipulumutsa anali amalume, amene anayamba kuseka n'kunena kuti mlandu uwu ulibe mfiti, uli ndi anthu awiri okondana amene anatsala pang'ono kupha kompyuta ndi ulemu. Yotamu anawafunsa kuti anadziwa bwanji, pamene wokonza kumsika sanapeze kanthu. Iwo anati wokonzayo sanalakwe, popeza anamupatsa wodwala atasiya matenda kunyumba. Kenako analoza kukhonde ndi ndodo yawo.

"Inu mumachita ngati ana aja a timitengo. Ikazima mwaibaya uku, mwaibaya uko, mwaikweza panjinga. Ine ndinangoikhalira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ntchito yanga ndinatumiza nthawi isanathe, ndipo amene ankandikumbutsa kuti ndisiye mbale ndikalembe anali a Nankhoma omwewo. Mawu a amalume anatuluka m'nyumba ndi amayi oyandikana nawo aja, anafika kuchigayo, anakwera minibasi, ndipo lero ali m'buku lanu la Chichewa. A Fanuwelo anatisiya kale, koma ndimawayamika tsiku lililonse ndikagwira choko.

Tsono mwambiwu ukutanthauza chiyani? Nkhono ukaigwedeza imabisa nkhope, ndipo iwe umachoka ukunena kuti ilibe maso. Vuto nalonso n'chimodzimodzi. Ukalithamangira umangosintha zingwe zosalakwa, ndipo ukatopa umaloza munthu amene ali pafupi, makamaka mlendo. Wodekha amayamba wafunsa: zimachitika nthawi yanji, pali ndani, nanga tsiku limene sizichitika chasiyana n'chiyani? Yankho nthawi zambiri limakhala poyera, lovala maluwa ofiira, aliyense akuliyamikira.

Malaya aja sanatayidwe. A Nankhoma anawasula ulusi, nawasokanso kukhala chikwama cha mabuku, nandipatsa tsiku limene ndinalandira satifiketi. Ndi chikwama chomwechi cha maluwa ofwifwa chimene mumasekerera kumbuyo kwanga kuti madamu alibe china. Ndili nazo zina, ana inu, koma ichi ndiye chimandikumbutsa kuti ndisafulumire kunena kuti mwana uyu ndi mbuli ndisanakhale naye pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.