Chifukwa Chake Sopo Amaonda Akamachapa

Kalekale, ana inu, Madzi ndi Mafuta ankakhala mumtsuko umodzi osakangana. Anali pachibale: Madzi wamkulu, Mafuta mng'ono wake. Mafuta anakwatiwa ndi Phulusa n'kubereka mwana wamkazi, dzina lake Sopo. Koma poti Mafuta ankangoyenda m'maukwati kukadzoza anthu, mwanayo analeredwa ndi Madzi.

Pa ukwati wina, Madzi anasambitsa mkwatibwi, Mafuta n'kumudzoza. Anthu atamuona akuwala anayamika Mafuta yekha. Atabwerera kumtsuko, Mafuta anakwera pamwamba pa mkulu wake.

"Achemwali, inu muzikhala pansipo," anatero. "Woyamikidwa ndine."

Madzi sanakweze mawu. "Khala pamwambapo. Koma kuyambira lero, pamene wakhudza iwe, ine sindifikapo."

Patapita nthawi, mayi wina woyenga mafuta a nsatsi, dzina lake Nasimango, anatayira mafutawo pambereko ya khanda lake. Nsalu inali yomweyo basi. Anaiviika mumtsinje, anaimenya pamwala, koma Madzi ankangolambalala pamene panali mafuta. Fumbi linamatirira, nyerere zinabwera, khanda linayamba kutuluka zilonda kumsana.

Sopo anamupeza mayiyo akulira pamtsinje, ndipo anapita kwa Madzi.

"Amayi aakulu, khandali lalakwa chiyani?"

"Palibe," anayankha Madzi. "Koma ndinalumbira. Mayi ako sindiwakhudza."

Sopo anapita kwa Mafuta. "Amayi, chokanipo pansalupo."

"Ndamatirira, mwanangu. Popanda wondikoka sindichoka."

"Ndiye musakhudzane," anatero Sopo. "Nonse mugwire ine."

Dzanja limodzi anagwira nalo mayi ake, linalo mayi ake aakulu. Madzi anakoka, nsalu inakaniza, Sopo pakatipo anapuma wefuwefu mpaka thovu linatuluka. Kenaka Mafuta anamatuka, n'kutsetsereka ndi mtsinje ali m'dzanja la mwana wake. Mbereko inayera, ndipo zilonda za khanda zinapola. Koma Sopo anavuuka ataonda.

Ndi chifukwa chake mpaka lero mafuta amayandama pamwamba pa madzi. Ngakhale muwakhutchumule m'botolo, akakhazikika amapatukananso, pakuti awiriwo sanapepesane. Mbale ya mafuta siyera ndi madzi okha mpaka sopo alowe pakati. Ndipo akalowapo amachepa pang'ono tsiku lililonse, kufikira patsala kachidutswa kopyapyala kaja kamene mumakataya kuseri kwa bafa.