Filipo, Dokotala wa Lamulungu

Pa kachipatala ka pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Milonde, ntchito ya Filipo inali kusesa, kuchapa mabandeji ndi kuwiritsa majakisoni. Wochiritsa anthu anali a Mustafa. Filipo ankangoima pambali atagwira beseni. Koma Lamulungu likakwana ankavala chijasi choyera chimene a Mustafawo anataya, n'kupalasa njinga ulendo wa kumsika. Kumeneko ankadzichemerera mpaka thovu kukamwa.

"Ine chipolopolo ndimachizula ngati thekenya," ankatero, anthu atamuzungulira. Ngakhale anyamata ofunsa makadi a chipani pachipata ankamupatsa njira, amvekere, "Dutsani adokotala."

Chinali chaka cha 1987, nkhondo ya ku Mozambique ili m'chimake, ndipo mfuti zinkamveka kutsidya kwa mtsinje wa Ruo ngati chimanga chokazinga.

"Bambo, chepetsani pakamwa," anamuchonderera mkazi wake Christobel. "Mumsika muja si onse ovala nsanza amene akuthawa nkhondo. Ena amabwera kudzamvetsera."

"Iwe zachipatala ukudziwapo chiyani?" anayankha Filipo.

Lamulungu lina masana, mayi wina wachilendo anamugwadira pamsika akulira kuti mwana wake wakomoka kumunda. Filipo anamutsatira chifuwa chili patsogolo. Atalowa m'munda wa chinangwa pafupi ndi mtsinje, mayi uja anangozimiririka. M'malo mwake munadzuka amuna anayi a mfuti, tsitsi lili nyankhalala.

"Sinyoro dotolo, tiyeni," anatero wamtali pomulemekeza mwa Chipwitikizi, amene anzake ankamutcha Isake. Ankalankhula Chilomwe chonga cha agogo ake a Filipo, koma m'maso mwake munalibe chibale.

Anawoloka Ruo madzi ali m'chiuno. Anayenda masiku awiri, kudutsa midzi yotenthedwa momwe munalibe ngakhale nkhuku. Pamsasa wa zigawengazo anamulowetsa m'chisakasa momwe munagona mkulu wawo. Fungo lokha linamubweza m'mbuyo. Mwendo wa munthuyo unali utatupa ngati mtondo, wakuda kuyambira m'bondo, ntchentche zili ng'waa.

"Akachira, mupita kwanu," anatero Isake. "Akafa, dzenje tikumba lalikulu, lokwana awiri."

Filipo anaitanitsa madzi otentha ndi mchere, n'kumatsuka bala la pamwendopo monga ankaonera a Mustafa akuchitira. Masiku atatu anatsuka, Isake atakhala pakhomo mfuti ili pamiyendo, osaphethira. Kuda kuja kunkangokwera cha kuntchafu.

Tsiku lachinayi mkulu uja anamukoka chijasi. "Dula mwendowu, dotolo. Ndaona ena akupulumuka choncho."

Anamubweretsera sowo ya matabwa ndi mpeni wosendera mbuzi. Amuna awiri anapanikiza wodwalayo, wina n'kumulumitsa kamtengo. Onse anayang'ana Filipo. Iye anagwira sowo ija, koma kenaka anangogwada m'fumbi.

"Pepani mabwana, ine si dokotala. Ndine wosesa chabe. Chijasichi n'chotola."

Isake anakoka mfuti n'kumugunditsa nayo pachipumi. Filipo anamva kuzizira kwa chitsulo, mkodzo n'kutsika wokha.

"Usawononge chipolopolo," anatero mkulu uja movutikira, atalavula kamtengo. "Msana ali nawo, azisenza katundu. Koma muikeni chizindikiro, aliyense womuona adziwe kuti uyu n'ngwabodza."

Mpeni umene anayenera kudulira mwendo ndi umene unadula khutu lamanzere la Filipo. Mkuluyo anamwalira patapita masiku awiri, ndipo amene anakumba manda ake anali Filipo, akuyembekeza kuti nthawi iliyonse amuuza kuti agonemo nayenso. Sanamuuze. Anamusenzetsa mabokosi a zipolopolo miyezi isanu ndi iwiri, mpaka tsiku lina msasawo utathiridwa nkhondo anapeza mpata wothawa.

Anafika kwawo mmawa wina, Christobel atameta kale tsitsi la maliro. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali asanamuzindikire. Kuchipatala kuja, pantchito yake anali atalembapo wina. Kuyambira pamenepo Filipo ankalankhula monong'ona, ndipo chitseko chikamenyetseka ankadziponya pansi.

Akuluakulu a ku Milonde akamuona akudutsa cha m'mbali mwa msika, chipewa atachikokera kumanzere, ankangopukusa mitu. Paja amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.