Mpando umene anaikapo chikwama

Ku Limbe kunali bambo wina, mmisiri wowotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo. Anali munthu wabwino, wosadziwa kukana. Ankatuluka m'nyumba kusanache, n'kubwera ana atadya kale. Ana ake aakazi awiri, Mwandida ndi Ulemu, anakula akudziwa kulira kwa nsapato zake kuposa mawu ake.

Chaka china Mwandida anamaliza maphunziro a unamwino, ndipo anamutumiza kukagwira ntchito ku Chitipa, kumalire kwenikweni kwa dziko. Bamboyo atamva, mtima unamupweteka. Anaona kuti mwana akuchoka pakhomo asanakhale naye pansi n'kucheza. Choncho anatseka shopu yake n'kulengeza kuti banja lonse lipita kutchuthi. Akayamba kwa mlongo wake ku Lirangwe, kenako kwa malume ake ku Balaka, n'kukamalizira kwa apongozi ake ku Liwonde, kumene Mwandida akakwerere basi ya kumpoto. Cholinga chake chinali chimodzi: kukhala ndi mwana wakeyo asanapite.

Panatsala funso la choyendera.

Mkazi wake anati, "Bambo a Mwandida, tiyeni tikwere sitima. Malo onsewa njanji imadutsamo. Mipando yake n'njoyang'anizana, tizikaonana nkhope."

Iye anapukusa mutu. "Sitima ili ndi masiku ake, ndipo siidikira munthu. Ine nditenga galimoto ya hayala. Chiwongolero chikakhala m'manja mwanga, tiziima pamene tafuna, tizinyamuka pamene tafuna."

Kunena zoona, panalinso kena kamene sanatchule. Ankafuna kuti achibale akamuone akutsika m'galimoto, makiyi akulendewera pachala. Tisamuseke, abale. Kamtima kameneka ambirife tili nako.

Anabweretsa galimoto yoyera ya mipando isanu. Iwo analipo anayi, ndiye malo analipo okwanira bwino. Atangotuluka m'tauni, Mwandida anasendera kutsogolo n'kugwira mpando wa bambo ake.

"Adadi, ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni."

Koma msewu unali wodzaza. Apa minibasi yaima mwadzidzidzi, apo wakabaza wakhota osakweza mkono, uko mbuzi ikuwoloka ngati kwawo. Bamboyo anamuyang'ana mwanayo pakagalasi, anaona maso okha.

"Dikira kaye, mwanawe, ndione msewu. Tikamba tikafika."

Ku Lirangwe mlongo wake anawalandira ndi nthungululu. Tsono mukudziwa nonse mmene zimakhalira kwathu kuno: galimoto ikaima pakhomo, siikhalanso ya mwini wake yekha. Pa tsiku lonyamuka, mlongoyo anatulutsa thumba la mtedza loti likafike kwa malume, thumba la mbatata loti likafike kwa apongozi, ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Kumbuyo kunadzaza, zikwama zinapita pamiyendo ya ana. Kenako mwamuna wake anatulukira atavala jekete.

"Alamu, mwayi wanga ndi umenewu. Munditule pa Balaka."

Mlamu mungamukane bwanji? Anakhala kutsogolo, mayi wa ana n'kusamukira kumbuyo. Njira yonse mlamuyo anakamba za mpira ndi za fetereza osameza malovu. Mwandida anangoyang'ana kunja.

Ku Balaka malume anaizungulira galimoto ija, kuisisita ngati ng'ombe yogula kumene.

"Mphwanga, Mulungu ndi amene wakutuma. Ku Liwonde kuli chinkhoswe, ndipo ine ndi mayi akunyumbawa timasowa choyendera."

Mlamu uja naye, atamva za chinkhoswe, anati za pa Balaka zidikire, apitirira nawo. Bamboyo anakanda mutu. Anthu anachuluka, mipando inachepa, ndipo pamsewu pali apolisi. Koma kukana malume? Mawa lomwe abale onse angamve kuti mwana wa mlongo wawo wayamba kunyada chifukwa cha galimoto.

Mkazi wake anamuonera patali. Analankhula motsitsa mawu: "Musavutike. Lero ndi tsiku la sitima. Ine ndi ana tikwera imeneyo, mukatipeza kwa amayi."

Bamboyo anapuma, mtima n'kukhala pansi. Ndipo apa m'pomvetsa chisoni, chifukwa anamva ngati watula katundu, osadziwa kuti watsitsa anthu amene anakonzera ulendowo.

Kuchoka ku Balaka kufika ku Liwonde si patali. Koma malume anali ndi pokhotera pambiri. Khota apa tikapereke moni. Ima apo titule thumba. Lowa uku tikazonde odwala. Munthu uja amene anati aziima pamene wafuna anaima paliponse pamene ena anafuna, mpaka anafika kwa apongozi dzuwa litapendeka.

Ku Liwonde mbiri inayenda msanga kuti kwabwera mkamwini wa galimoto. M'mawa mwake anakatenga zakumwa za pachinkhoswe. Tsiku lina anathamangira kuchipatala ndi mayi wapakati. Lina ananyamula a kwaya, lina anaperekeza anthu kumaliro. Palibe choipa chimene anachita, ngakhale chimodzi. Aliyense ankamudalitsa. Koma madzulo alionse ankapeza Mwandida atakhala pakhonde, kapu ya tiyi ili pambali pake, itazizira. Bamboyo ankamwa tiyiyo ataimirira, n'kunena kuti, "Mawa, mwanawe. Mawa ndili ndi mpata."

Mawa lake linadzafika ali pa depoti ya basi, katundu wa Mwandida atakwezedwa kale. Pamenepo m'pamene bamboyo anadzidzimuka ngati munthu wogona amene amuthira madzi. Anamugwira mwanayo paphewa.

"Nkhani ija, mwana wanga. Ndiuze tsopano, ndikumva."

Mwandida sanakwiye. Anamwetulira pang'ono.

"Ndinaikamba kale, adadi, pa sitima paja. Ndimaopa kupita kutali ndekha. Ndimafuna mundigwire dzanja, mundipempherere. Amayi anapemphera, Ulemu anaimba nyimbo. Mpando wanu unalipo, moyang'anizana ndi ine. Tinangoikapo chikwama."

Basi inaliza hutala. Mwandida anakwera, n'kubayibitsa pawindo. Bamboyo anatsala ataima m'fumbi, makiyi akulendewera pachala monga ankafunira, misozi ikutsika osaipukuta. Kumbuyo kwake mlamu uja anatulutsa mutu m'galimoto.

"Alamu, tiyeni! Anthu akudikira."

Abale anga, musatuluke muno n'kumakanena kuti mlaliki watsutsa galimoto n'kuyamikira sitima. Ayi. Musanenenso kuti kuthandiza malume ndi tchimo. Munthuyu sanabe, sanaledzere, sanatukwane. Zonse zimene anakweza zinali zabwino. Cholakwa chake chinali chakuti anaiwala kuti mipando ndi yowerengeka, ndipo aliyense amene ankakwera, wina ankatsika. Amene ankatsikawo anali osadandaula, amene ankamukonda kwambiri moti sakanakangana naye pakhomo pa galimoto.

Mtima wa munthu ulinso ndi mipando yowerengeka. Timaumirira kugwira tokha chiwongolero, n'kumati ndife omasuka, koma tsiku lonse timangokhota pamene ena atiuza. Ntchito yakwera, ulemu wakwera, mantha a zimene anthu anganene akhala kutsogolo penipeni. Ndipo Mulungu, amene ulendo wonsewu ndi wake, sakankhana ndi aliyense pakhomo. Amatiitana modekha kuti ali nafe nkhani, ife n'kumayankha kuti tikamba tikafika.

Mpando wanu pamaso pake ulipobe, ndipo palibe wina amene angakhalepo. Koma basi ya aliyense wa ife ili ndi tsiku lake loliza hutala. Tsitsani matumba ena lero, mukhale pansi moyang'anizana naye, iye akadali kukudikirani.