Kampira, Namaseko ndi Mphako ya Vumbwe

Senderani kuno, tikhale tonse, mbatata izipsa pamotopo.

Kunali agologolo awiri a bere limodzi, Kampira ndi mlongo wake wamng'ono Namaseko. Mayi wawo anamwalira dzinja lili pakati, ndipo kuyambira pamenepo Kampira ndiye anali mayi, ndiyenso bambo. Thupi anali wochepa, koma lilime lake linkathamanga kuposa miyendo. Namaseko naye anali ndi chake: phwete sankatha kulisunga. Chiwala chikaphonya udzu, iye kuseka. Mchimwene wake akangokwinya mphuno, iye kuseka mpaka kugwa chagada.

Masika anafika. Anthu anakolola n'kubwerera kumudzi, mitengo inayamba kuyoyola masamba, ndipo tchire lonse linasanduka bwalo la ana awiriwa. Ankakokera masamba ouma pamodzi, mulu kutalika kuposa iwo, n'kumalumphirapo kuchokera panthambi, tswaa! Akatopa nazo ankathamangitsana chipako m'mapesi. Koma masewera sakhutitsa. Chakudya chinalipo ndithu, kungoti chilichonse chinali ndi mwini wake wamkulu thupi.

"Achimwene, m'mimba mwanga mukulira," anatero Namaseko tsiku lina m'mawa.

"Uuzemo mudikire."

"Ndauzamo, simukumva."

"Basi tiye kumunda wa mtedza tikasewere."

"Kujatu kuli a Nguluwe!"

"Eya. Ndi amene tikasewere nawowo."

M'mundamo anthu anali atazula mtedza, koma wambiri unadukira m'nthaka, ndipo nthakayo inali itauma gwa, yosatheka ndi zikhadabo za gologolo. Nguluwe ankangogona pakati pa mizere, osakumba, osalolanso wina kuyandikira.

Kampira anakweza mlongo wake mumkuyu wa m'mphepete mwa munda. "Luma mchira wako, usaseke," anamuuza. Iye anatsika n'kuyamba kuzungulira m'mizere akufuula: "Namaseko! Tuluka, ndagonja!"

"Iwe kamwana, ukusokoseranji m'munda mwanga?" anadzuma Nguluwe.

"Pepani amalume. Timasewera chibisalirano ndi mlongo wanga, ndiye walowa pansi pa mzere wina muno. Ndafunafuna, ndalephera. Ndikanakupemphani inu, koma a Nyani anandiuza kuti ndisadzivute. Akuti mphuno yanu inakalamba, sinunkhizanso kanthu."

Nguluwe anadzuka. "Anatero Nyani?"

"Anateronso kuti masiku ano mumangoigwiritsa ntchito ngati mtsamiro."

"Walowa mzere uti mwanayo?"

"Kaya uwu, amalume."

Nguluwe analowetsa mphuno m'nthaka n'kuyamba kugalauza. Mzere woyamba, palibe. "Kapena uwo, amalume." Wachiwiri, palibe. "Ndaona ngati pagwedera apo!" Wachitatu, wachinayi, fumbi kobo, mtedza uli mbwee pamtunda. Dzuwa pofika paliwombo munda wonse unali utatembenuzika, Nguluwe ali wefuwefu, dothi lili m'maso ndi m'makutu.

"Ndikamwe madzi kaye kudambo," anatero. "Koma ukamuuze Nyani kuti mlongo wakoyo muno mulibe. Mphuno yanga sinama."

"Zoona amalume, sinama."

Nguluwe atangokhota, Namaseko anagwa mumkuyu muja ngati nkhuyu yakupsa, mchira utanyowa ndi malovu, misozi ya phwete ili mbwembwembwe. Anatuta mtedza m'masaya mpaka madzulo.

Patapita masiku angapo Kampira anayamba kuyang'ana mlambe wa patsidya. Malambe anali lendelende, koma Nyani ankakhala m'mwambamo ngati wake wobzala, ndipo chigoba cha mlambe si chinthu choti mano a mwana alimbane nacho.

"Lero uvina pathanthwe lili pansi pa mlambe lija," Kampira anauza mlongo wake. "Ukaona chinthu chikubwera, ulumphe."

"Chinthu chanji?"

"Ungolumpha basi. Ndi masewera."

Namaseko anakwera pathanthwe n'kuyamba kuvina, mchira uku, chiuno uku. Kampira anaima patsinde n'kukweza mawu: "Vina momasuka, mlongo wanga! A Nguluwe anena kuti dzanja la a Nyani linapinda. Akuti angaphonye ngakhale phiri!"

"Ndani wapinda dzanja?" anafunsa Nyani, akusuzumira pansi.

"Ndi mawu a a Nguluwe, agogo. Ine ndinawatsutsa. Ndinati kale munkalasa ndithu."

"Kale?"

Nyani anathyola mlambe n'kuponya. Namaseko analumpha, mlambe uja pathanthwe phwa! Anathyola wina. Phwa! Wina. Phwa! Kampira ali: "Pang'onong'ono, agogo! Uwu ndiye mukanamupeza!" Nyani anaponya mpaka nthambi zapafupi zinatsala mbee, kenako anatsika mwamanyazi n'kulowera kuphiri akupukusa phewa.

Thanthwe lonse linayera ndi ufa wa malambe. Koma Namaseko sanaseke kwambiri tsiku limenelo. Chigoba china chinamucheka mwendo wakumbuyo, ndipo ankatsimphina.

"Achimwene, ndimaopatu pamene paja."

Kampira anamunyambita pabala, n'kumubereka kumsana mpaka kwawo. M'njira ankatsanzira Nyani akupukusa phewa, ndipo asanafike n'komwe mlongo wake anali atayambanso kuseka, atakwirira nkhope m'khosi mwake.

Tsopano chakudya chinali chokwana kudya mpaka mvula. Akanatha kungokhala, kumalumphira m'masamba awo. Koma mphepo ya mwera inayamba kuwomba, ndipo chisa chawo cha tinthambi chinkalowa chisanu mbali zonse. Pafupi pomwepo panali mtengo wa muwanga wokhala ndi mphako yakuya, youma, yofunda. Mwini wake anali Vumbwe, mphaka wam'tchire uja woyenda mosamveka.

"Chisanu chino tigona m'mphako ija," anatero Kampira.

"Ayi achimwene. A Nguluwe amadya mizu. A Nyani amadya zipatso. Nanga a Vumbwe amadya chiyani?"

"Adya manyazi, ngati anzawo aja."

"Tingowonjezera udzu m'chisa chathu. Ine ndikatuta ndekha."

"Kamodzi kokha aka, Namaseko. Ndinayamba ndakutayapo ine?"

Namaseko anayang'ana pansi. "Ayi."

M'mawa mwake Kampira anatengera mlongo wake pamulu wawo wa masamba uja. Anamukwirira pansi penipeni, n'kumuwaza ufa wa malambe pamwamba kuti fungo lisamveke. Kenako anatenga ubweya pang'ono wa kumchira kwa Namaseko n'kukaupachika pamitengo itatu yakutali. Zonse atakonza anapita patsinde pa muwanga.

"Odi, azakhali!"

Vumbwe anatulutsa mutu. Mawu ake anali ofewa ngati thonje. "Ndiwe mwana uja unalimitsa Nguluwe munda?"

Kampira anatukula chifuwa. "Mwamva kale?"

"Ndinkaonerera. Za Nyaninso ndinaona. Lero wabwera ndi masewera anji?"

"Chibisalirano, azakhali. Mlongo wanga wabisala. Mukalephera kumupeza mthunzi wa muwanga uno usanafike pachulu icho, mphako ndi yathu."

"Nanga ndikamupeza?"

"Mutenga mtedza wathu wonse."

"Mtedza ine sindidya. Ndingosunga chomwe ndapezacho."

Apa Kampira anamva tanthauzo la mawuwo. Koma anayang'ana mthunzi, anayang'ana chulu, anakumbukira ubweya uja uli kutali, n'kunena kuti, "Chabwino."

Vumbwe anatsika pang'onopang'ono. Sanathamangire kumitengo ija. Sananunkhize n'komwe. Anangoyenda pang'ono n'kukhala pakati pa bwalo, pamene anawo ankasewera masiku onse, n'kuyamba kunyambita dzanja.

"Simukufuna, azakhali?"

"Ndakalamba, mwanawe. Ndaona kale kuti ndagonja. Mutu ngati wakowo sindingauthe. Koma poti tikudikira mthunzi, tandiuza: Nguluwe uja ankatani pokumba? Ine ndinali patali, nkhope sindinaione bwino."

Kampira anasangalala. Anati mumtima, nkhani ikatalika mthunzi uyenda. Anagwada, n'kulowetsa mphuno m'dothi, matako m'mwamba. "Ankatere, azakhali! Fwu! Fwu! 'Mphuno yanga sinama!'"

"Iii, ayi. Zoona? Nanga makutu?"

Kampira anagwedeza makutu, n'kuyetsemula fumbi. Vumbwe anamwetulira. "Nanga Nyani, potsika mumlambe muja?"

Mthunzi unali utatsala pang'ono kukhudza chulu. Kampira anaimirira ndi miyendo iwiri, anakwinya nkhope ngati nkhalamba, anapukusa phewa, n'kuyamba kuyenda chotsimphina akung'ung'udza: "Kale? Akuti kale? Ine?" Anachita bwino kuposa masiku onse. Anaiwala kuti pabwalopo panali makutu ena amene sakanatha kupirira zimenezo.

Pansi pa mulu wa masamba panamveka kamawu kakang'ono: "Khi."

Kampira anauma. Masamba anagwedera. Kenako phwete lonse linaphulika, lija la masiku onse.

Vumbwe analumpha kamodzi kokha. Masamba anabalalika, ndipo pamene ankatera pansi, Namaseko anali ali m'kamwa mwake, atagwidwa pakhosi ngati kamwana ka mphaka.

"Mwapambana, azakhali!" anafuula Kampira. "Mwapambana! Koma lamulo la masewerawa ndi lakuti wopambana afuule katatu kuti 'ndapeza'. Fuulani, azakhali!"

Vumbwe anangomuyang'ana. Pakamwa sanatsegule.

"Ameneyo ndi wowawa! Wadya muwawani m'mawa uno, mudwala naye!"

Vumbwe anatembenuka n'kuyamba kuyenda.

Kampira anathamangira kutsogolo kwake n'kudzigwetsa pansi. Nzeru zinali zitatha, kunatsala mawu wamba. "Tengani ine. Ndine wamkulu, ndine wonenepa. Ndine ndinayambitsa. Iyeyu anakana, azakhali, anakana! Chonde."

Vumbwe anamulumpha monga momwe ungalumphire chitsa.

"Achimwene," anatero Namaseko ndi mawu otsamwa, "masewera athe tsopano. Ndikufuna kupita kwathu."

"Ndikubwera! Usaope, ndikubwera!"

Kampira anamuluma Vumbwe kumchira, koma Vumbweyo anangomukankha ndi mwendo wakumbuyo, Kampira n'kukagwera muminga. Podzuka, udzu wautali unali utatsekeka kale.

Anathamangira kudambo. "Amalume! Amalume a Nguluwe! Mlongo wanga watengedwa! Mphuno yanu yokha ndi imene ingamulondole!"

Nguluwe sanadzuke n'komwe m'matope. "Wabisalanso? Munda wake uti lero?"

"Si bodza, amalume!"

"Tsiku lijanso unkalira chimodzimodzi."

Anathamangira kuphiri. "Agogo! Kwerani pamwamba muone kumene Vumbwe walowera! Inu mumaona patali!"

Nyani anapitiriza kudzikanda. "Malambe anatha, mwanawe. Kapena ukufuna ndikuponyere miyala?"

Kampira anafuna yekha. Analowa m'udzu, m'zigwa, m'mapanga, akuitana mpaka mawu anasasa. Tsiku lachitatu anasiya kuitana.

Vumbwe sanabwerenso kumuwanga kuja. Ena amati anasamukira kutsidya kwa mtsinje kumene kunali mbewa zambiri. Mphako inatsala yopanda mwini, ndipo chisanu chitakula, chiperoni chikunyowetsa chisa cha tinthambi chija, Kampira anatuta mtedza ndi malambe n'kukalowamo. Anatuta maulendo ambiri, poti chinali chakudya cha awiri.

Tsiku lina Nyani anadutsa pansi pa muwanga n'kuona gologolo atakhala pakhomo pa mphako, ataonda, ubweya utanyankhalala. Anaima. Anayang'ana uku ndi uku, kufuna kamwana kovina kaja, ndipo sanakaone. Anakhala pansi.

"Unkanena zoona tsiku lija," anatero.

"Ee, agogo."

"Ndipo mphako waipeza."

"Ndaipeza."

"Ndi yofunda?"

Kampira anasuzumira m'kati, mumdima muja munali malo ogona awiri mosapanikizana.

"Ndi yabwino, agogo," anatero. "Mvula silowa. Mphepo silowa. Palibe chimene chimalowa."

Yathera pompa. Mbatata ija isiyeni pamoto ipserere, lero palibe amene ali ndi njala.