Wophunzira Amene Anakhoza Ali Kunja

Panali mtsikana wina, dzina lake Ndaziona, amene ankaphunzira ntchito ya ulangizi wa chisamaliro cha anthu. M'chaka chake chomaliza anamutumiza kukatsogolera gulu la amayi asanu ndi atatu olera ana olumala. Akanalephera pamenepo, akanabwereza chaka chonse.

Ndaziona anali wanzeru, ndipo ankakonzekera mwakhama. Mayi akafunsa, iye ankayankha funso lisanathe. Pakangoti zii, ankafulumira kuikapo mawu. Amayiwo ankamukonda, ndipo aliyense polankhula ankayang'ana iye yekha.

Tsiku loyesedwa, mphunzitsi wake, bambo wachikulire wosachulutsa mawu, anamuchingamira panjira n'kupita naye kuseri kwa nyumba yokumaniramo.

"Lero simulowa, mayi. Tikhala pansi pa zenera pano."

"Nanga mundiyesa bwanji, aphunzitsi?"

"Makutu ndili nawo."

Anakhala pansi. M'katimo simunamveke mawu, koma kutsokomola kokha. Patapita nthawi mayi wina anati, "Alangizi sabwera lero. Tiyeni tizipita, khasu likudikira." Onse anabereka ana awo n'kumwazikana.

Ndaziona anagwetsa nkhope.

"Mwawaphunzitsa bwino kukumverani," anatero mphunzitsi. "Koma iwo sadziwana. Ndidzabweranso pakatha milungu inayi."

Pamsonkhano wotsatira, mmodzi wa amayiwo, Nasimelo, anadandaula kuti mwana wake wa zaka khumi walemera, msana watha ndi kubereka, komanso sangamukhazike pansi poti amagwa. Yankho la m'buku Ndaziona anali nalo, linali litafika kale pamilomo. Analimeza.

"Ine sindinalerepo mwana wotere," anatero. "Alipo pano anakumana nazo?"

Panalibe anayankha. Mtima unkamuuza Ndaziona kuti alankhule asanachite manyazi. Anapirira, maso ali pansi. Kenaka Nabiyeni, mayi amene chiyambire sanatsegulepo pakamwa, anati, "Wangayu ndinamupangira mpando wa makatoni. Ndimamata ndi phala la chinangwa."

"Wa makatoni?" anafunsa Nasimelo. "Anzathu inu, mukufuna chiswe chindidyere mwana?"

"Bwerani mudzaone kaye, kunyoza kudzabwere pambuyo."

Onse anaseka, ndipo kwa nthawi yoyamba ankayang'anana. Tsiku limenelo Ndaziona sanatsegule n'komwe kope lake. Milungu yotsatira ankangobweza funso kwa eni ake, n'kumakumbutsa olankhulalankhula kuti apatseko mpata ena.

Mphunzitsi atabweranso, iye ndi Ndaziona anakhalanso kuseri kuja. Posakhalitsa anamva mawu a Nasimelo: "Alangizi achedwa. A Nabiyeni, tayambani ndinu, makatoni tabweretsa." Msonkhano unayenda mpaka kumapeto, wina osamutchulanso Ndaziona.

Mphunzitsi anaimirira, nasasa fumbi pa thalauza lake.

"Mwakhoza, mayi."

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, imvani. Ambiri a ife tinapuma ntchito ndi masatifiketi pakhoma, tikuyesa kuti tinatsogolera anthu. Koma magulu athu ankafa sabata yomwe tinkatsanzika, pakuti tinkakonda kufunidwa kuposa kuthandiza, ndipo panalibe mphunzitsi amene anatitsekera pakamwa nthawi ikadalipo. Inu nthawiyo muli nayo. Mukafunsidwa pagulu, yambani mwayang'ana amene wakhala chete. Kawirikawiri yankho ali nalo ndi iyeyo, ndipo iye adzakhalabe pamudzipo inu mutasamutsidwa.