Nyenje ya m'Khutu la Che Twaibu

Che Twaibu Makwinja, woimba kiyibodi m'maukwati ndi m'zinkhoswe za ku Ntaja, anafika pakhonde la Shehe Imedi anthu atangobalalika ku swala ya Zuhuri, pemphero la masana la Asilamu. Iye kuswalako kunalibe. Anabisala kuseri kwa mtengo wa mango mpaka munthu womaliza atavala nsapato zake, kenako anayandikira, makutu onse awiri atawatseka ndi thonje, maso ali psuu chifukwa chosowa tulo.

Shehe Imedi anali nkhalamba yochepa thupi, yosachulutsa gaga m'diwa, imene inaphunzitsa Kurani anthu ambiri a m'deralo, ndi Twaibu yemwe. Nyumba yawo ndi mzikiti zinayang'anizana ndi chigayo cha dizilo, ndipo tsikulo chinali kubangula monga mwa masiku onse.

Atapatsana salamu, Shehe anamulozera mkeka.

"Chotsani thonjelo, Che Twaibu, tilankhulane ngati anthu."

Twaibu anachotsa, n'kuliika pamkeka.

"A Shehe, ndabwera chifukwa ndili ndi mantha. M'khutu mwanga muno muli chinthu chimene chikulira osaleka, ngati nyenje ya m'chilimwe. Chinayamba nditachokera ku ukwati wina ku Nselema, kumene ndinaswera pafupi ndi sipika yaikulu. Ndinkati chikhala cha tsiku limodzi, paja amati mlendo ndi mame. Koma mame awa sakuuma. Mvula yabwera, yapita, chikulirabe."

"Pitirizani, ndikumva."

"Mlamu wanga akuti ndi chilango cha nyimbo zimene ndimaimba. Akuti ndi lipenga la tsiku la chiweruzo, ndipo ine ndayamba kulimva ndisanafe." Apa mawu ake anatsika. "Kumzikiti ndinasiya kubwera, a Shehe. Pa swala ya Zuhuri ndi ya Asiri, pamene inu mukuwerenga chamumtima ndipo mzere wonse uli zii, m'pamene chimakuwa kwambiri. Ndimaiwala pomwe ndafika m'swala. Ndimaona ngati Allah wanditsekera khomo. Kiyibodi ndinaikulunga m'chitenje, wogula alipo kale. Ndimangodzitsekera m'chipinda, n'kutseka makutu, n'kumamvetsera ngati chachepa. Sichichepa. Ndikuopa kuti ndichita misala. Ndiwerengereni duwa, mundipempherere chichoke, kapena mungondiuza poyera kuti ndine wotembereredwa."

Shehe anapapasa tasibihi yawo, mikanda yopempherera.

"Zobisika amazidziwa ndi Allah yekha. Ine sindizidziwa, ndipo mlamu wanu, ngakhale ndimamulemekeza, sindikudziwa amene anamuululira. Telala wa pamsika paja maso ake anachita mdima chifukwa cha singano. Kodi nayenso ndi wotembereredwa? Duwa ndiwerenga, koma choyamba mundiphunzitseko ntchito yanu, pakuti ine ndine mbuli pa zimenezi. Paja sipika ikayamba kulira nziii pakati pa ukwati, mumatani?"

Twaibu anadabwa nalo funsolo, koma anayankha.

"Chimenecho sitichisekerera, a Shehe, chimawononga phwando. Ine ndimachimva chisanafike n'komwe kwa anthu, chikangoti chiyambe. Ndimasiya zonse n'kuchisaka. Mwina woyendetsa mwambo waima ndi maikolofoni patsogolo pa sipika, ndimukodole asunthe. Mwina ndi waya, mwina mawu akwera kwambiri, nditsitse. Chikafa m'pamene ndimabwerera ku nyimbo."

"Ndiye nyimbo yolowera mkwatibwi mumaiyamba bwanji?"

Apo Shehe anakanda pomwe pankayabwa. Twaibu anawongola msana. Anafotokoza mmene amayambira pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere kuti akwati asathamange, mmene amayang'anira mapazi a aperekezi m'malo moyang'ana zala zake, mmene amakwezera pamene amayi ayamba nthungululu. Zala zake zinkayenda pabondo ngati kiyibodiyo ili pomwepo. Anafika mpaka poseka, pokumbukira nkhoswe ina imene inavina mpaka kugwetsa keke.

Shehe anamusiya amalize, kenako anafunsa mofatsa:

"Nanga nthawi yonseyi, nyenje ija inali kuti?"

Zala za Twaibu zinaima. Anapendeketsa mutu, ndipo nkhope yake inagwa pomwepo.

"Ilipo. Yabweranso."

"Sinachoke, ndipo sindikunamizani kuti ichoka mawa. Koma mwaimva chifukwa mwapita kukaifuna."

Nthawi yomweyo chigayo chinatsokomola kawiri n'kuzima. Pamalo ponse panangoti zii. M'bata limenelo kulira kuja kunadzaza mutu wonse wa Twaibu, kowonda, kolasa, kopanda kopumira. Anatambasula dzanja kuti atole thonje lija. Shehe anagwira dzanjalo mosakakamiza.

"Mwaona? Ine ndadziwa tsopano kuti chigayo chimalira, chifukwa chasiya. Pamene ankachimanga, anthu a mumzikiti muno anakwiya, ena ankafuna kukamenyana ndi mwini wake. Inenso chaka choyamba ndinkasokonezeka m'swala, ndipo ndinkapita kunyumba mutu ukuwawa. Koma ndikanapempha Allah kuti achizimitse, amayi a kuno akanakagayitsa kuti? Chigayo sichinatsike mawu mpaka lero. Ine ndi amene ndinasiya kuchitchera khutu."

"Koma chigayo chili panja, a Shehe. Changachi chili m'kati."

"N'zoona, ndipo chanucho n'cholemera kuposa changa. Sindikuchipeputsa. Koma taonani chimene mwachita. Khutu lanu munaliphunzitsa nokha kusaka kulira kwa sipika, ndipo ndi mlenje wabwino. Tsono mwalitsekera m'chipinda, mwalichotsera mawu a ana anu, a akazi anu, a azana yoitanira ku swala, a nyimbo, mwalisiyira nyama imodzi yokha yoti lizisaka usana ndi usiku. Kulira kumeneku kulibe waya woti muzule. Mukamakusaka m'pamene kukukula."

Twaibu anayang'ana thonje lili pamkeka. Misozi inalengeza.

"Ndiye nditani? Ndigulitse kiyibodi?"

"Za nyimbo akuluakulu ophunzira amasiyana maganizo, ndipo tsiku lina tidzakhala pansi tikambirane, mtima wanu uli m'malo. Koma musagulitse khasu lanu chifukwa cha mantha, mantha ndi mlangizi woipa. Khutu ndi chinthu chimene Allah anakusungitsani, ndipo simunalisamale. Pitani kuchipatala akalione. Thonjelo, kapena chabwinopo chimene angakakuuzeni kumeneko, muzivala pafupi ndi masipika, osati m'nyumba mwanu. Inu mwakhala mukuzichita chambuyo."

Kuchigayo munthu wina anapukusa injini, ndipo inayambanso kubangula. Twaibu anapezako mpumulo, koma funso lenileni anali asanafunse.

"Nanga swala yanga, a Shehe? Allah angailandire, m'mutu muli phokoso lotere?"

Dzuwa linali litapendeka. Shehe anadzuka pang'onopang'ono, n'kumupatsa ketulo ya madzi a udhu, osambira munthu asanaswali.

"Allah sanalamule kuti muzibwera kwa Iye m'mutu muli zii. Anangolamula kuti muzibwera. Mlendo wanuyo mwina simungathe kumuthamangitsa, koma lekani kumuyalira mkeka n'kumacheza naye. Musiyeni aime pakhomo. Asiri yayandikira, Che Twaibu. Kasambeni, mudzaime kumbuyo kwanga, inu ndi nyenje yanu, ine ndi chigayo changa."